Maphunziro a makolo a ana a autism: mwana wosakamba ndi mwana wokamba kwambiri safuna thandizo limodzimodzi

Tiyerekeze amai awiri amene aima pa mzere umodzi ku kiliniki ya ana. Woyamba wabwera ndi mnyamata wa zaka 4 amene sanachulepo liu ngakhale limodzi. Akamva ludzu amagwira dzanja la amai ake, kuwakokera ku mgomo wa madzi, ndi kuika dzanjalo pa civundikiro, osawayang'ana n'komwe. Waciwiri wabwera ndi mtsikana wa zaka 6 amene amakamba kucokera m'mawa mpaka usiku. Adziwa manambala a mabasi onse odutsa pa msewu wa kwao, ndipo akhoza kubwereza nkhani ya pa wailesi liu ndi liu. Koma mukamufunsa kuti wadya ciani kusukulu amangopitiriza za mabasi, ndipo anzake anasiya kale kumuitana ku masewera. Dokotala akhoza kuuza amai onse awiriwa kuti mwana wao ali ndi autism. Woyamba adzadabwa kuti, "Nanga uyu wokamba bwinoyu ali ndi vuto lanji?" Waciwiri naye adzakana kuti wake sangafanane ndi uja.

Dokotalayo sanalakwitse. Autism ndi mkhalidwe wa kakulidwe ka ubongo umene umakhudza mmene munthu amamvanirana ndi anzake, mmene amamvera phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa, ndiponso kukonda kwake kucita zinthu mobwerezabwereza. Si matenda opatsirana, si ufiti, ndipo sibwera cifukwa ca maleredwe a amai. Mu 2023 bungwe la World Health Organization linali kuyerekeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism. Koma pa nkhani ya mau ana amenewa amasiyana kutali. Ofufuza amati pafupifupi mmodzi mwa anai, kapena kuposerapo pang'ono, amakula ndi mau ocepa kwambiri kapena opanda mau. Ena amacedwa koma amafika. Ena amakamba msanga, mwina bwino kuposa anzao a msinkhu umodzi.

Ndiye cifukwa cake maphunziro abwino a makolo sayamba ndi funso lakuti mwana ali ndi zaka zingati. Amayamba ndi funso lakuti: lero lino mwana ameneyu amakuuzani bwanji cimene afuna?

N'cifukwa ciani aphunzitsa makolo m'malo mwa mwana?

Yankho lili m'maola. Katswiri wothandiza ana kukamba, ngati mwamupeza, amaona mwana mwina ola limodzi pa sabata. Kholo limamusambitsa, kumuveka, kudya naye nsima ndi kumugoneka tsiku lililonse. Muno mu Zambia akatswiri otere ndi ocepa, ndipo ambiri a iwo ali ku Lusaka, kotero kwa banja la ku Lundazi kapena ku Petauke funso la ola limodzi pa sabata silibuka n'komwe.

Mmodzi wa anthu oyamba kuona zimenezi anali mai wina wa ku Canada, Ayala Hanen Manolson, katswiri wa za kalankhulidwe. Mu 1975 iye anayamba kusonkhanitsa makolo a ana ocedwa kukamba ndi kuwaphunzitsa iwo eni, m'malo mowasiya panja pa citseko pamene mwana ali kuthandizidwa mkati. Nchito yake inabala bungwe la Hanen Centre, limene lili mumzinda wa Toronto. Ndachula bungweli cifukwa linacita cinthu cimene cionetsa bwino mfundo yathu: linakonza maphunziro awiri osiyana a makolo a ana a autism. Oyamba amachedwa More Than Words, ndipo buku lake, lolembedwa ndi Fern Sussman, linatuluka mu 1999. Awa ndi a makolo a ana aang'ono amene sakamba kapena angoyamba kumene. Aciwiri amachedwa TalkAbility, buku lake linatuluka mu 2006, ndipo ndi a makolo a ana amene akamba kale m'ziganizo koma amalephera kuceza.

Kacitidwe kake ndi aka. Katswiri amayamba waona mwana ndi banja lake. Kenaka makolo ocepa amakumana m'kagulu, ana atatsala kunyumba. Mu More Than Words amakumana maulendo 8. Pakati pa misonkhanoyo, katatu konse, kholo limajambulidwa vidiyo likusewera kapena likudya ndi mwana wake, ndipo pambuyo pake limakhala pansi ndi katswiri kuonerera. Vidiyoyo ndiyo imaphunzitsa kwambiri. Amai amadziona okha akufunsa mafunso khumi motsatizana osapatsa mwana mpata. Amaonanso kanthu kamene sanakaonepo: mwana anayang'ana kapu kwa kanthawi kocepa, kenaka anayang'ana iwo, ndipo iwo anali atatembenuka kale.

Mwana amene alibe mau

More Than Words imagawa ana m'magawo anai, osati monga mwa zaka koma monga mwa mmene amafikira anthu. Pali mwana amene amaoneka ngati ali m'dziko lake yekha, ndipo sanadziwe kuti akhoza kutuma uthenga kwa munthu wina. Pali amene wayamba kupempha, monga mnyamata uja wokoka dzanja. Pali amene wayamba kugwiritsa nchito zizindikiro, zithunzi kapena mau ocepa, ndipo nthawi zina amakuonetsani cinthu cabe kuti nanunso mucione. Ndiye pali amene akhoza kuyankhana nanu kangapo. Kholo limayamba ndi kupeza pamene mwana wake ali, ndipo colinga cimakhala gawo lotsatira, osati lomaliza. Kwa mnyamata wokoka dzanja, kupambana kwa mwezi uno si kunena kuti "madzi". Ndi kuyang'ana nkhope ya amai ake akafika pa mgomo paja, kapena kuwapatsa kapu m'manja.

Phunziro loyamba ndi lovuta kuposa onse, ngakhale limamveka lopepuka: kuyang'ana, kuyembekezera ndi kumvetsera. Ife makolo tikaona mwana sakamba, timakamba m'malo mwake. Timadziwa kuti afuna madzi asanasonyeze, ndipo timamupatsa. Ndi cikondi, koma mwanayo amatsala wopanda cifukwa cotiuzira kanthu. Pa maphunzirowa kholo limaphunzira kugwada kapena kukhala pansi kuti nkhope zilingane, kugwira kapu pamene mwana aiona, ndi kukhala cete, likuwerenga mumtima pang'onopang'ono mpaka 10. Ciliconse cimene mwana angacite m'nthawi imeneyo, kaya kutambasula dzanja, kaya kutulutsa kaliu, kaya kungoyang'ana, kholo limacilandira monga uthenga, limachula liu limodzi lakuti "madzi", ndi kumupatsa pomwepo. Uku si kumana mwana. Akayamba kulira ndiye kuti mwayembekezera nthawi yaitali, ndipo mawa mudzacepetsako.

Pali tinjira tina ta mtundu womwewo. M'malo mopatsa mwana citumbuwa cathunthu, mumamubenthulira pang'ono, kuti abwerenso kudzapempha, motero mpata umodzi wasanduka mipata isanu. Cimene acikonda mumaciika m'botolo lotseka zolimba kuti akubweretsereni mumutsegulire. Ngati amakonda kundandika zitsekerero za mabotolo, simumulanda kuti asewere "bwino", koma mumatenga zanu ndi kundandika pambali pake, mpaka tsiku lina adzaime ndi kuyang'ana kuti kodi uyu ali kucita zanga ndani. Masewera opanda zidole, monga kugirigisha, kubisa nkhope ndi citenje, kapena kumunyamula m'mwamba, ndi amtengo wapatali, cifukwa cokondweretsaco ndinu amene. Mumacita katatu mofanana, ndiye kacinai mumaima pakati ndi kuyembekezera. Nyimbo imene aidziwa imagwiranso nchito yomweyo: mumaimba ndi kuima liu lomaliza lisanafike.

Kakambidwe ka kholo nako kamasintha. Mau amakhala ocepa, onenedwa pang'onopang'ono, liu lofunika likumveka kwambiri, ndipo cinthuco cikuonetsedwa. M'malo monena kuti, "Iwe, bwera kuno uvale nsapato, tacedwa kale, basi itisiya," mumanyamula nsapato ndi kunena kuti, "Nsapato. Vala nsapato."

Kwa ana ena mau sabwera ngakhale zonsezi zitacitika, ndipo apa maphunziro amaphunzitsa njira zina zokambira: zizindikiro za manja, kuloza zithunzi, kapena kupereka cithunzi ca cinthu kuti alandire cinthuco. Njira yopereka zithunzi imeneyi, yochedwa PECS, inayambidwa mu 1985 ku Delaware, m'dziko la America, ndi Andy Bondy ndi Lori Frost. Sifuna makina. Cikwama ca shuga codulidwa bwino, kapena cithunzi ca kapu ya mwanayo cojambulidwa pa foni, cimakwanira poyambira. Makolo ambiri amaopa kuti mwana akapatsidwa zithunzi adzacita ulesi ndipo sadzakambanso. Kafukufuku sanapeze zimenezo. Zithunzi ndi zizindikiro sizitsekereza mau, ndipo mwana amene ali ndi njira yonenera kuti "ndifuna" kapena "sindifuna" amakhala ndi zifukwa zocepa zodzigwetsera pansi kapena kudziluma.

Pakati pa wosakamba ndi wokamba pali mwana amene amasokoneza anthu ambiri, wobwereza mau. Mukamufunsa kuti, "Ufuna tiyi?" amayankha kuti, "Ufuna tiyi?" Acibale amati ali kunyoza. Koma iye anasunga ciganizo conse monga cinthu cimodzi cimene cimamveka nthawi ya tiyi, ndipo nthawi zambiri atanthauza kuti inde. Kholo la mwana wotere limaphunzira kunena mau mmene mwanayo akanawanenera: ponyamula kapu limati, "Ndifuna tiyi," kuti akabwereza abwereze zoyenera.

Mwana amene ali ndi mau ambiri

Kunena zoona, mtima wanga umagwera kwambiri mwana uyu, cifukwa vuto lake silioneka. Wosakamba anthu amamumvera cifundo. Wokamba bwino amamucha wamwano. Amauza mlendo kuti wanenepa. Amadula mau akulu. Akamva azakhali ake akuti, "Ndafa nayo njala," amatsutsa kuti sanafe, ndipo wina akati apita kukataya madzi, amafunsa kuti nanga madziwo ali kuti. Zokuzira mau zikalira kwambiri m'chalichi kapena pa ukwati amatseka makutu ndi kukuwa, ndipo anthu amati mwana wamkulu conci, wodziwa kuwerenga, angocita dala. Cimene cimatsatira ndi mkwapulo, ndipo mkwapulo sumuphunzitsa kanthu, cifukwa iye sadziwa cimene walakwa.

Makolo a mwana ameneyu safunika kuphunzira zobenthula citumbuwa. Maphunziro monga TalkAbility amakhudza zina: kuthandiza mwana kuzindikira kuti munthu wina ali ndi maganizo ake, zofuna zake ndi zimene adziwa, zosiyana ndi zake. Ana ambiri amatola zimenezi okha akafika zaka 4 kapena 5. Mwana wa autism amafuna kuti wina amuuze poyera. Motero kholo limaphunzira kunena mokweza zimene nthawi zonse zimakhala mumtima: "Ine ndiganiza kuti kugwa mvula, koma atate ako aganiza kuti siigwa." "Ambuya sadziwa kuti tagula nsomba, cifukwa sanali nafe ku msika." "Ona nkhope ya mlongo wako. Wakwinya. Sanakondwe kuti watenga buku lake." Powerenga naye buku kapena pomufotokozera nthano, funso silikhala lakuti kalulu anapita kuti, koma lakuti njovu inali kuganiza ciani pamene kalulu anali kuinamiza.

Amaphunziranso za kusinthana pokamba. Nkhani ya mabasi sailetsa, cifukwa ndiyo khomo lolowera kwa mwanayo. Kholo limalowa m'nkhaniyo, limaikapo ndemanga yake, limayembekezera, ndipo pang'onopang'ono limamuphunzitsa kufunsa mnzake funso ndi kuona ngati womvera watopa. Ndiye pali kusewera ndi ana ena. Kumutumiza ku gulu la ana khumi kuti akazolowere kumalephera kawirikawiri. Cimene cimathandiza ndi mnzake mmodzi, kwa nthawi yocepa, pa masewera amene onse awiri awadziwa, kholo lili capafupi kuti lithandize pamene zavuta ndi kucokapo pamene zayenda.

Mukaika makolo a ana awiri aja m'kalasi imodzi popanda kusiyanitsa, wina adzabwerera kunyumba ndi mtima wosweka cifukwa zonse zokambidwa zili kutali ndi mwana wake, ndipo wina adzati wataya nthawi ndi ndalama za basi.

Kodi zimathandizadi?

Apa ndiyenera kukamba mosabisa, cifukwa makolo a ana otere analonjezedwa kale zambiri ndi anthu ofuna ndalama zao. Mu 2011 ofufuza a ku America anafalitsa zotsatira za kuyesa More Than Words pa ana aang'ono 62. Poyerekeza magulu onse awiri, ophunzitsidwa ndi osaphunzitsidwa, sanapeze kusiyana koonekera pa kakambidwe ka ana. Koma atayang'anitsitsa anaona kuti ana amene poyamba sanali kusewera kwambiri ndi zinthu ndiwo anapindula, pamene ena sanapindule. Ngakhale maphunziro ochuka sagwira mwana aliyense mofanana.

Kafukufuku wamkulu anacitikira ku England, motsogozedwa ndi Jonathan Green wa ku yunivesite ya Manchester. Njira yao, yochedwa PACT, nayonso imagwiritsa nchito vidiyo ya kholo ndi mwana. Anayesa ana 152 a zaka zoyambira 2 mpaka pafupifupi 5, ndipo makolo anali kupemphedwa kupatula mphindi 20 mpaka 30 tsiku lililonse. Zotsatira zoyamba, za mu 2010, zinaonetsa kuti makolo anasintha kwambiri pa kayankhidwe kao ndipo ana anayamba kuyambitsa okha kukambirana, koma zizindikiro za autism zinatsika pang'ono cabe. Ofufuzawo anatsatira anawo kwa zaka pafupifupi 6. Mu 2016 anapeza kuti mwa ana a makolo ophunzitsidwa, 46 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro zazikulu, pamene m'gulu lina anali 63 pa 100. Koma pa mayeso a cinenero magulu awiriwo sanasiyane. Tanthauzo lake ndi lakuti maphunziro amenewa amasintha kumvana kwa mwana ndi anthu, ndipo kusinthako kumakhalitsa, koma salonjeza kuti mwana wosakamba adzakamba, ndipo saciza autism.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za maiko olemera. Njira ya PACT inasinthidwa ndi kuyesedwa ku Goa m'dziko la India ndi ku Rawalpindi m'dziko la Pakistan, pa ana 65, ndipo ophunzitsa sanali akatswiri koma anchito wamba a zaumoyo oyang'aniridwa ndi akatswiri. Kumenekonso makolo anasintha ndipo ana anayamba kuwafikira kwambiri. Nalo bungwe la World Health Organization, mothandizana ndi la Autism Speaks, linakonza maphunziro ochedwa Caregiver Skills Training, amene anayesedwa m'maiko ambiri, kuphatikizapo Ethiopia ndi Kenya, ndipo mabuku ake anatulutsidwa mu 2022. Ndi a olera ana a zaka 2 mpaka 9. Pamakhala misonkhano ya kagulu 9 ndi maulendo atatu a mphunzitsi kunyumba, ndipo pa maulendo a kunyumbawo ndi pamene zolinga zimakonzedwa molingana ndi mwana aliyense, wokamba kapena wosakamba. Mwana safunika kukhala ndi pepala la dokotala lonena kuti ndi autism. Muli phunziro la khalidwe lovuta, ndiponso la umoyo wa wolerayo, cinthu cimene ambiri amaciiwala. Maphunzirowa aliponso pa intaneti kwaulere.

Zimene zimawombana ndi maleredwe athu

Maphunziro ocokera ku Canada kapena ku England sangangotsitsidwa m'mudzi mwathu monga thumba la feteleza. Ife tinaleredwa kuti mwana ndiye atsatira wamkulu. Kuona atate a nyumba atakhala pansi akundandika zitsekerero kumaseketsa anansi, ndipo ena adzati ali kumulekerera. Koma kutsatira cidwi ca mwana kwa mphindi 20 si kumupatsa ufumu wa nyumba. Malamulo a pa nyumba amakhalapobe. Cina ndi maso. Kwathu mwana waulemu sayang'ana wamkulu m'maso, kotero cizindikiro cimeneci cimacedwa kuoneka. Ndipo cofunika si kugwira mwana cibwano kuti akuyang'aneni. Ana ambiri a autism zimenezo zimawapweteka mtima. Cofunika ndi kuti adziwe kuti pa nkhope ya munthu pali uthenga.

Pali nkhani ya zinenero. Nyumba zambiri za ku Lusaka zimakamba Cinyanja, Cibemba ndi Cizungu tsiku limodzi, ndipo makolo ena amauzidwa kuti asiye zonse, akambe Cizungu cokha kuti mwana asasokonezeke. Kafukufuku wa ana a autism okulira m'zinenero ziwiri sanapeze kuti zimenezi zimawacedwetsa. Amai amene amagirigisha, kuimba ndi kutonthoza m'Cinyanja akakakamizidwa Cizungu amayamba kukamba pang'ono ndiponso mouma, ndipo mwana amadulidwa kwa ambuya ake amene sadziwa Cizungu.

Ambuyawo asaiwalidwe. M'mabanja ambiri amene amaswera ndi mwana si amai, koma ambuya, azakhali, mkulu wake wa zaka 12, kapena mtsikana wanchito. Ngati mmodzi aphunzira kuyembekezera pamene ena onse apitiriza kupatsa mwana zinthu asanapemphe, kapena kumukwapula akabwereza mau, phindu limacepa. Wopita ku maphunziro akhale amene amakhala ndi mwana maola ambiri, ndipo zimene waphunzira azikafotokoze pa nyumba. Atate nawonso: masewera aja onyamula m'mwamba nthawi zambiri amawatha bwino kuposa amai.

Musanalipire maphunziro alionse, yambani mwapita ndi mwana ku kiliniki, mutatenga khadi yake ya sikelo, ndipo pemphani kuti apimidwe makutu, cifukwa mwana wosamva bwino akhoza kuoneka ngati wa autism. Ngati amagwa khunyu, kapena amangoti duu kwa kanthawi osamva kuitana, auzeni a cipatala, pakuti khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana a autism ndipo ili ndi mankhwala. Kudula kamnofu ka pansi pa lilime sikubweretsa mau kwa mwana wa autism. Mukapeza ophunzitsa, afunseni ngati adzaona mwana wanu asanakuikeni m'kagulu, ngati adzakuonani inu mukusewera naye ndi kukuuzani zoyenera kusintha, ndiponso ngati m'kagulumo muli makolo a ana a gawo lofanana ndi la wanu. Akakuuzani kuti mwana adzakamba pakatha miyezi itatu, bwezani ndalama m'thumba. Ndipo popita kukaonana nao tsiku loyamba, tengani vidiyo ya mphindi zitatu ya pa foni, yojambulidwa kunyumba pa nthawi ya cakudya, cifukwa m'cipinda cacilendo mwana wanu mwina sadzacita ciliconse mwa zimene amacita masiku onse.